Anandibwerekera Mwana Wonenepa

Lolemba la sabata yatha ndinapita ndi mwana wanga Dalitso kusikelo. Ali ndi chaka ndi miyezi yochepa. Mwezi wathawu anadwala chikuku, ndipo chichirireni chakudya sakuchifuna. Ukamuyandikizira supuni amatembenuzira nkhope kukhoma ngati wamutukwana.

Anamupachika pasikelo, muvi n'kugwedezeka pang'ono, n'kuima. Anesi anayang'ana muviwo, anayang'ana mwana, kenako anayang'ana ine.

"Watsikanso, mayi."

"Anadwalatu, anesi."

"Ndikudziwa. Koma taonani tsitsili mmene lafiirira. Muzimupatsa phala la nsinjiro pang'onopang'ono, kambirimbiri pa tsiku, ndipo dzira lisamasowe. Mubwere naye Lolemba likubwerali. Akakhala kuti sanakwere, tikupatsani bedi."

Bedi lake mukulidziwa, amayi anzanga. Ndi la m'chipinda chakumapeto chija, mogona ana onyentchera, chimene tonsefe timachidutsa mofulumira maso ali pansi.

Kwa inu amene mwayamba lero kuwerenga tsamba lino, ndidziulule. Ndine amene ndimakulemberani sabata ndi sabata za kaphikidwe ndi kasamalidwe ka pakhomo. Ndinapita kukoleji kukaphunzira zimenezi, ndipo satifiketi yake ili m'felemu pabalaza, pamwamba pa wayilesi. Ndine ndinakuphunzitsani kuphika keke m'poto, mchenga pansi, makala pachivundikiro. Ndine ndinakuuzani kuti matumba a fulawa mukawaviika bwino n'kuwanyika m'utoto amasanduka makatani, ndi kuti manachesi amene amangowolera pamsika pano nyengo yake ikakwana angathe kukhala jamu wa chaka chonse.

Ntchito yolembedwa ndilibe. Bambo a Dalitso atawatumiza kuno ku Mwanza kudzagwira ukalaliki, malo anga sanapezeke. Ndiye ofesi yanga ndi khonde, bwana wanga ndi makina osokera. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndimatalikitsa madiresi a atsikana oopa kubwezedwa pachipata cha msika, ndimagamba makolala a malaya a azibambo. Phazi limakhala pa makina, khutu lili kumbaula, diso limodzi pa singano, linalo pa mwana. Nyemba zinapsererapo chifukwa cha kolala, kolala inapindikapo chifukwa cha nyemba. Tsambalinso ndimalilemba mwana akagona masana, pepala lili pa thabwa lositira.

Nditabwera kusikelo tsiku limenelo ndinavundikira makina. Ndinapita kwa mnansi wanga Abiti Saidi, amene amuna awo ali ndi sitolo pafupi ndi pokwerera basi, kukawauza kuti madiresi a ana awo aakazi achedwa.

"Madiresi sathawa," anatero Abiti. "Wamaliseche ndani kwathu kuno? Pitani mukadyetse mwana." Ndipo anandimangira mazira angapo pansonga ya chitenje kuti ndikaphatikize ndi a nkhuku zanga.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhala pamphasa. Kudyetsa mwana amene sakufuna kudya si kuphika ayi, ndi kudikira. Umamuimbira, umalawa wekha n'kumanamizira kukoma, umamulozera nkhuku, akayasamula kuti aseke iwe n'kulowetsa. Theka limabwerera pachibwano. Umapukuta, n'kuyambanso. Lachitatu madzulo ndinanyenyera chikasu cha dzira m'phala, ndipo anatsegula pakamwa yekha, osamunyengerera. Ndinalira, nanga ndibisirenji.

Lachinayi m'mawa ndinamva mawu kubwalo.

"Odi kuno kwa asatifiketi!"

Anali a Nangozo, apampando a gulu la amayi kudera lathu lino. Amuna awo ndi munthu wamkulu, mwa anthu aja amene akatsokomola pamsonkhano tonse timakhala chete. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pansi.

Nkhani yawo inali yakuti mawa lake, Lachisanu, kukubwera alendo ochokera ku Blantyre kudzaona ntchito za manja za amayi a ku Mwanza. Ankafuna keke wamkulu. Ankafuna mabotolo a jamu, nsalu yanga yapatebulo, ndi makatani anga kuti akapachikidwe m'mawindo a holo. Ankafunanso kuti ine ndikaime patebulo la chakudya cha ana, ndikafotokozere alendo mmene amayi a kuno timadyetsera ana athu.

"Amayi," ndinatero, "mwanayu sali bwino. Ngakhale zosoka za eni ake ndaziimika."

"Zosoka? Si muli pakhomo pompano inu? Anzanu ali kumaofesi, ena ali kumunda. Inu ndiye mukungokhala. Tikapemphenso ndani?"

Akulankhula choncho maso awo ankayendayenda. Anatambasula dzanja n'kuvundukula kansalu kamene ndinaphimbira beseni pakona.

"Ndiye mazira ndi awa. Mulungu ndi wabwino."

"Ndi a mwana amenewo, amayi. Anesi anati..."

"Mwana adya dzira mkuja, adyanso mtondo. Alendo ndi mawa lokha. Mlendo ndi mame, mwanawe, kukoleji sanakuuzeni?" Anaimirira n'kukonza duku. "Kapena tikanene kuti asatifiketi akana za chitukuko?"

Anaseka. Inenso ndinaseka. Kuseka kwake mukukudziwa, kumene kumangothera m'mano.

Bambo a Dalitso atabwera kudzadya masana ndinawafotokozera. Anasiya kusamba m'manja.

"Mwawayankha chiyani?"

"Ndati ndiona."

"Muona chiyani, amake Dali? Mayi amene uja akangotchula dzina lathu pamalo olakwika, mawa katundu ali pa lole. Phikani keke."

"Nanga mwana?"

"Loweruka ndikafunsa mnzanga wa ku Thambani, amaweta nkhuku zambiri. Phikani keke."

Sindikuwanena amuna anga. Mantha amene anali m'maso mwawo ndi omwewo amene ndinali nawo ine. Tinangosiyana poti iwo anabwerera nawo kuofesi, ine ndinapita nawo kumbaula.

Keke wa m'poto sasiyidwa yekha. Makala apamwamba akachuluka amapserera kumutu m'kati muli phala. Akachepa amakhala pansi ngati chikondamoyo chokwiya. Uyenera kukhala pomwepo, kuchotsa khala ili, kuonjezera ilo, kutembenuza poto, kununkhiza. Ndinaswa mazira a mwana wanga limodzilimodzi, ndinapuntha mpaka mkono kuuma. Pakati pake ndinatsitsa makatani, kuchapa, kuyanika, kusita. Dalitso anali kumsana tsiku lonse. Phala lake ndinalikumbukira litazizira, analawa kamodzi n'kukana, ndipo ine ndinalibe nthawi yomuimbira. Anagona akusisima.

Dzira limodzi ndinalibisa m'kadirowa ka makina, pakati pa ulusi. Ndinati ili lokha ndi lake. Koma Lachisanu m'mawa ndikukonza mbale yachionetsero ndinadzifunsa kuti, ndikaphunzitsa bwanji za dzira popanda dzira? Palibe amene anandilamula. Ndinalitulutsa ndekha, kuliphika, kulidula pakati kuti chikasu chioneke bwino, n'kuliika pambali pa phala ndi nachesi wosenda. Mumtima ndinati alendo akangodutsa, adya.

Kuholo kunali kokongola, ndisaname. Miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka laimu. Makatani anga ankauluzika m'mawindo, nyumba yanga itatsala maso ali bwaa ngati sitolo yogwa. Panali madoilo, mphasa, zoluka, majuzi a ana, sopo wopanga pamanja. Anatiuza kuti alendo afika dzuwa lisanatenthe. Tinaimba, tinayeserera kugwada, tinaimbanso. Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka.

Fumbi la magalimoto litaoneka chakumsewu, a Nangozo anayamba kuyendera matebulo komaliza. Atafika pa ine anayamikira mbale. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga, n'kutsitsa chitenje chimene ndinafunditsa mutu wa Dalitso.

"Iyayi. Uyu ayi."

"Amayi?"

"Mukaphunzitse za mwana wathanzi muli ndi kameneka kumsana? Alendo akatiyesa chiyani anthu a ku Mwanza?" Anatembenukira kugulu la amayi oimba. "A Nabanda, tabwerani nacho kuno chimwana chanucho. Fulumirani."

A Nabanda ndi mayi wa kwa Kanduku amene anabwera wapansi kudzaimba. Mwana wawo ndi uja wa masaya ogwera m'mapewa, ntchafu zopindikapindika, khosi losaoneka. Anamumasula osamvetsa n'komwe chimene chikuchitika.

Abiti Saidi, amene anali patebulo la zoluka pafupi nane, anabwera n'kutambasula manja.

"Bwera kuno, bwana," anauza Dalitso. "Ife osaoneka bwino tikakhale kuseri."

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse. Palibe amene anandilanda mwana. Mfundo ya chitenje ndinaimasula ndi manja angawa. Dalitso anagwira bulauzi yanga, ine n'kumatula zala zake chimodzichimodzi. Ndinabereka mwana wa eni, ndinamanga mfundo, ndinamwetulira.

Alendo analowa, amayi onunkhira bwino ndi abambo a masuti. Ndinafotokoza monga anandiphunzitsira kukoleji: zakudya zopatsa mphamvu, zomanga thupi, zoteteza ku matenda. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono. Mayi wina wa magalasi anatsina tsaya la mwana kumsana kwangako.

"Mwaona mphamvu ya dzira?" anauza anzake. Kenako anafunsa ine, "Mumamupatsa kangati, mayi?"

"Tsiku lililonse, amayi."

Kuseri kwa khoma ndinkamva kulira. Ana olira analipo ambiri tsiku limenelo, koma mayi salakwitsa. Kulira kwa Dalitso masiku ano n'kopyapyala, kumaduka pakati ngati akupumira.

Wojambula anati ndiime chammbali kuti mwana aoneke. Ngati chithunzi chimenecho chidzatuluke m'nyuzipepala ino, ndikuuziranitu: nkhopeyo ndi yanga, mbaleyo ndi yanga, mwanayo si wanga.

Pomubweza, a Nabanda ankaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Akuti dzira? Ameneyutu ngakhale phala sanalilawe. Ndi bere lokhalokha."

Keke uja alendo anadulako kachidutswa, analawa, anati ndi ofewa ngati wa mu uvuni. Wotsalayo anamukulunga m'nsalu yanga yapatebulo n'kumuika m'galimoto. Dzira lija linakhala pambale chiyambire m'mawa, ntchentche zikusinthana. Nditalinunkhiza ndinadziwa kuti mwana wodwala sangalidye. Ndinaliponyera galu wa paholo, ndipo galuyo sanadikire kuimbiridwa.

Tsono ndikufunseni, abale anga, chizolowezi chimenechi tinachitenga kuti?

Ndife anthu obwerekera alendo. Kukamveka kuti kukubwera munthu, mwana amathamangira kwa aneba kukatenga makapu, wina kukasenza mipando, wina kukapempha tiyipoti. Timasesa njira imene mlendo adzere, zinyalala n'kuzikankhira kuseri kwa bafa. M'kabati muli mbale zimene eni nyumba sanadyerepo chigulireni. Nkhuku imene ana akhala akuithamangitsira mphamba chaka chonse imaphedwera munthu wodutsa, iwo n'kulandira mapazi ndi msuzi, ndiponso amadyera kukhitchini kuti asaoneke mmene akuyang'anira.

Sindikunena kuti kulandira alendo n'koipa. Ndinakulira m'nyumba imene munthu sankadutsa osamwa madzi, ndipo ndikufuna Dalitso adzakule chimodzimodzi. Akonzi musachite mantha, alendo a Lachisanu sindikuwanena, ndiponso chitukuko sindikukana. Iwo anaona zimene tinawaonetsa. Akanadziwa bwanji?

Koma pamenepo mpamene pakundiwawa. Anthu amenewo anayenda ulendo wonsewo, kukwera zitunda zonse zija, kuti adzaone mmene tikukhalira. Akanamuona Dalitso mwina wina akanafunsa kuti, kodi ana otere alipo angati kuno? Mwina sakanafunsa. Koma ife tinawatsekera ngakhale mpata wofunsira. Anabwerera kukanena kuti ku Mwanza ana ndi onenepa, amayi amaphika makeke, mazira ali mbwee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mkuyuwo tinaupukuta tokha kuti unyezimire.

Kulandira mlendo ndi kwina, kumunamiza ndi kwina. Tinayamba ndi makapu. Lero tafika pobwereka ana. Mawa tidzabwereka chiyani, amuna onenepa oti akaime m'munda?

Inenso ndili momwemo, musaganize kuti ndikudzichotsa. Tawerengani m'mbuyomu zimene ndakhala ndikukulemberani. Kakonzedwe ka pabalaza. Kapindidwe ka nsalu zopukutira m'manja. Maluwa a mapepala oika m'chitini cha mkaka. Zonsezo n'za maso a munthu wolowera khomo lakumaso. Ndi liti ndinakulemberani za kukhala pamphasa tsiku lathunthu ndi mwana wokana kudya, ntchito imene ilibe chithunzi, ilibe tebulo pachionetsero, ndipo wodutsa akakuona amati ukusewera?

Ndiye pali mawu aja akuti "mukungokhala". Amayi anzanga ogwirira ntchito pakhomo, osoka, oluka, okazinga mandasi, ofulula thobwa, mawu amenewa mumawamva kangati? Mkazi akakhala kuofesi ali ndi chitseko, ali ndi bwana woti amunamizire. Wa pakhomo ndi wa aliyense. Wodwala akachoka kumudzi kudzagona kuchipatala, wophika ndi kukapereka chakudya ndi iwe, poti uli pafupi. Aneba akapita kuchigayo, ana amasiyira iwe. Kumaliro woyamba kufika ukhale iwe, kokayeserera nyimbo usajombe, poti ukanizira chiyani? Makina amene akulira pakhonde anthu amawamva ngati wayilesi. Ndipo ukakhala kuti unapitako kusukulu ndiye zaipiratu, chifukwa ukati uyankhe amati wayamba matama.

Zonsezo ndakhala ndikuzisenza mosadandaula kwambiri. Ndinkati nthawi imene akunditengerayo ndi yanga, ndigona mochedwa, ndibweza. Sabata yathayi mpamene ndazindikira kuti sinali yanga. Inali ya Dalitso. Ndinkapereka za mwini wake.

Loweruka ndi Lamulungu ndinabwerera pamphasa. Mnzawo wa bambo a Dalitso wa ku Thambani sanapezeke. Nkhuku zanga zinaikirako, koma mwana anali atabwerera kukhoma kwake. Pakamwa pamene panatseguka Lachitatu panatsekekanso. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndimadziwa, ngakhale za kuholo zomwe.

Lolemba muvi sunakwere.

Sindinganame kuti mazira a m'keke akanamukweza. Sindikudziwa, ndipo anesi sananene choncho. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana anali atayamba kudya, ine n'kumusiya kuti ndikakometse tebulo.

Anatipatsa bedi. Nkhaniyi ndikuilembera pabondo, pakhonde la chipinda chakumapeto chija. Anesi akutisamala bwino, Abiti Saidi akubwera masana alionse ndi bakuli, ndipo dzulo Dalitso wamwa mkaka wa m'kapu osaubweza. Akuti tikhala kanthawi.

Amayi amene ndawapeza muno si aulesi, monga ndinkaganizira ndikamadutsa maso ali pansi. Wina ndi wa kumapiri kwa Kanduku, analima yekha chaka chino. Wina anachokera kutsidya kwa malire, amalankhula Chinyungwe, timamvana ndi manja. Tsiku loyamba mmodzi wa iwo anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Si inu munatiphunzitsa kuholo Lachisanu?"

"Ndine."

Anasuzumira pabedi. "Nanga wonenepa uja ali kuti?"

"Anali wobwereka."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atamaliza anasendera n'kundipatsa malo pamphasa pake.

Dzulo madzulo bambo a Dalitso anabwera ataweruka. Anakhala m'mphepete mwa bedi atagwira kaphazi ka mwana. Maso awo anali ofiira. Pochoka anandiitanira panja n'kutsitsa mawu.

"Kuofesi ndawauza kuti ndi malungo. Inunso aliyense akafunsa muziti malungo."

"Chifukwa chiyani?"

"Amake Dali, taganizani. Kalaliki wathunthu, mkazi wopita kukoleji, mwana m'chipinda chimenechi? Anthu atiyesa chiyani?"

Ndinawaperekeza mpaka pachipata, ndinawauza pamene pali ndiwo, ndinabwerera.

Bambo a Dali, ndikudziwa kuti nyuzipepalayi imafika kuofesi kwanu, ndipo imayenda tebulo ndi tebulo isanafike pa inu. Mundikhululukire. Ndakumverani pa zambiri, ndipo ndidzakumveranibe. Koma mwana ameneyu ndamukana kamodzi pamaso pa anthu, sindingamukanenso kachiwiri.

Dalitso sakudwala malungo. Wanyentchera. Wanyentchera m'nyumba ya mayi wodziwa magulu onse a zakudya, pa boma, pafupi ndi msika. Ndi wanga, ndi wowonda, tsitsi lake ndi lofiira, ndipo amene akufuna kumuona abwere, tili pabedi lachiwiri kuchokera pakhomo.

Wanga ndi ameneyo. Nanga inu, kwanuko mukamva kuti kukubwera alendo, amene mumayamba kumuchotsa pamaso ndani?